Thandizeni: tisunge bwanji mbewu za makolo kuti zisasakanikirane kapena kufera m'botolo?

Moni nonse a pagulu. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za kasungidwe ka mbewu. Tili mabanja angapo amene tinagwirizana kusonkhanitsa mbewu za makolo zomwe zayamba kusowa: chimanga cha mitundu itatu, nyemba zosiyanasiyana, mapira, khobwe ndi maungu. Zambiri tinapatsidwa ndi agogo amene analeka kulima, ndipo zina n'zochepa kwambiri, zongodzaza dzanja.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa chimanga. Minda yotizungulira ndi ya haibulidi yokhayokha, ndipo mungu wa chimanga umauluka ndi mphepo. Ndikuopa kuti pakatha zaka zingapo tidzakhala tikusunga dzina lokha, mbewu yeniyeniyo itasintha kalekale. Anzanga ena akuti tisadzale n'komwe, tingotsekera zonse m'mabotolo mpaka tidzapeze munda wakutali. Mtima wanga sukuvomereza zimenezo, poti mbewu nayo imakalamba. Tichite chiyani? Ndine mayi amene ndangoyamba kumene zimenezi, ndiye musaope kundifotokozera ngakhale zooneka zazing'ono.

Mlimi wa mbewu: Mayi, dzalani. Mukangotsekera osadzala, mudzatsegula botolo mbewu itafa. Alimi a mbewu amatalikitsa munda ndi mamita 200 kapena kuposa, koma malo akakhala ochepa mutha kusiyanitsa nthawi: dzalani milungu itatu kapena inayi motsogola kapena mochedwa, kuti chanu chizimasula cha anzanu chisanayambe kapena chitatha kale. Njira yodalirika kuposa zonse ndi ya manja. Vindikirani kachimanga kakang'ono ndi thumba la pepala ndevu zisanatuluke. Zikatuluka, mangani mapepala ena ku ngayaye, m'mawa mwake mugwedezere mungu m'menemo, musakanize wa mapesi ambiri, muthire pa ndevu, n'kuvindikiranso. Ndi ntchito yotopetsa, koma mizere yochepa imakwanira.

Musatenge mbewu pa zimanga zisanu zokongola zokha. Chimanga chikamaberekana pachibale chimafooka, mapesi amafupika ndipo zokolola zimatsika. Tengani maso pang'onopang'ono kuchokera ku mapesi 100 mpaka 200, makamaka a pakati pa munda. Mukaona maso achikasu pa chimanga choyera, dziwani kuti mungu wachilendo unalowa. Choopsa n'chakuti ngati haibulidi ya anzanuyo nayonso ndi yoyera, diso silingaone kusakanikirana kumeneko. Mitundu yanu itatuyo muitalikitsenso, kapena banja lililonse litenge mtundu umodzi.

Membala wina: Pepani mayi, sindikunyoza, koma kuvutika konseku n'kwa chiyani? Haibulidi imabereka kwambiri ndipo imacha msanga.

Wofunsa: Zoona achimwene, ifenso timadzala haibulidi ndipo sitikufuna kuisiya. Koma dziko lonse likadalira mbewu zofanana, nthenda imodzi imagwetsa onse. Ku Ireland kuyambira 1845 chiwawu chinawononga mbatatesi zimene anthu osauka ankadalira, zomwe zinali pafupifupi mtundu umodzi, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa. Ku America mu 1970 nthenda ya masamba inawononga pafupifupi 15 peresenti ya chimanga chifukwa mahaibulidi ambiri anali ndi chibadwa chimodzi chofooka. Komanso akatswiri opanga mbewu zatsopano akafuna mphamvu yopirira chilala kapena matenda, nthawi zambiri amakaifufuza m'mbewu zakale ngati zimenezi. Zikatha, adzaitenga kuti?

Mayi wina wosunga mbewu: Achemwali, za nyemba ndi khobwe musade nazo nkhawa kwambiri, duwa lake limadzipatsa lokha mungu, ndiye kutalikitsa pang'ono n'kokwanira. Maungu ndiye chenjerani, njuchi zimawasakaniza.

Ine ndikambe za kusunga. Mdani wamkulu ndi chinyezi, kenako kutentha. Lamulo limene osunga mbewu amayendera ndi lakuti chinyezi chikatsika ndi 1 peresenti, kapena kutentha kukatsika ndi madigiri 5, moyo wa mbewu umawirikiza pafupifupi kawiri. Yanikani pamthunzi podutsa mpweya, osati pa malata otentha. Kuti mudziwe ngati zauma, ikani mchere wouma m'botolo louma, thiranimo mbewu pang'ono, khutchumulani. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, yanikaninso. Zikauma bwino, dzazani botolo mpaka kukamwa ndi kutseka kolimba, anankafumbwe amafa okha mpweya ukatha. Koma mukatsekera mbewu yosauma, ichita nkhungu. Lembani dzina la mbewu, chaka ndi kumene inachokera, kapepala kena mkati, kena kunja. Chaka chilichonse werengani mbewu 100, zikulungeni m'nsalu yonyowa, muone zomera. Zikayamba kutsika pa 85, chaka chimenecho dzalani kuti mupeze yatsopano.

Mphunzitsi wa zaulimi: Ndiwonjezere chimodzi, mayi. Musasunge zonse nyumba imodzi. Ngakhale mabungwe akuluakulu amagawa. Nkhokwe ya mbewu ya ku Svalbard m'dziko la Norway, yomwe inatsegulidwa mu 2008, imasunga mbewu zofanana ndi za m'nkhokwe zina, pozizira madigiri 18 pansi pa ziro. Nkhondo itasokoneza nkhokwe ya bungwe la ICARDA, lofufuza za ulimi wa m'madera ouma, ku Aleppo m'dziko la Syria, mu 2015 anakatenga mbewu zawo ku Svalbard, n'kuzidzala ku Lebanon ndi Morocco, kenako anabwezanso zina. Inunso mtundu uliwonse ukhale m'mabanja awiri kapena atatu.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Nanga mapira aja otsala dzanja limodzi, ndidzale onse kapena ndisiyeko?

Mlimi wa mbewu: Gawani pawiri, mayi. Theka dzalani pafupi ndi nyumba pamene mungathirire mvula ikadula, theka lina lisunge m'botolo mpaka mutakolola. Poyesa kameredwe tengani maso 10 okha, ndipo akamera muwawokerenso m'munda. Ngala zikatuluka zivekeni matumba a pepala maluwa asanatseguke, chifukwa amatchinga mungu wachilendo ndi mbalame zomwe.