Mawu achingerezi akuti capture: anachokera kuti, nanga boma limagwidwa bwanji?

Nabanda wa ku Dedza

Akuluakulu, ndithandizeni. Ndimamasulira nkhani pa wailesi ina ya m'dera, ndipo pali mawu amodzi achingerezi amene akundizunguza mutu: capture. Kusukulu tinaphunzira kuti ndi kugwira, monga asilikali akagwira mdani kunkhondo. Koma masiku ano ndikuwapeza paliponse. Kalaliki wa kalembera akuti akuchita capture zidindo za zala, achinyamata akuti screen capture, a zanyengo akuti carbon capture, andale akuti state capture. Boma nalonso limagwidwa? Omvera anga ambiri ndi akumudzi, sindingawawerengere Chingerezi n'kumati ndagwira ntchito. Ndikufuna ndidziwe kumene mawuwa anachokera, tsinde la tanthauzo lake, makamakanso mmene ndinganenere state capture kuti agogo amve popanda kufunsa mdzukulu.

Aphunzitsi Opuma

Mayi Nabanda, mawuwa ndi akale kuposa Chingerezi chenichenicho. Gwero lake ndi Chilatini, chinenero cha Aroma. Iwo anali ndi mneni wakuti capere, kutanthauza kutenga kapena kugwira. Chinthu chogwidwa ankati captus, ndipo ntchito yogwirayo ankati captura. Aroma ankanena captura kawirikawiri pokamba za nsomba, mbalame ndi nyama zimene munthu wakola, mpaka mawuwo anafika potanthauzanso phindu limene munthu wapeza. Anadutsa m'Chifalansa n'kulowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1500, ndipo poyamba anali dzina chabe, kunena za kugwidwa kwa munthu kapena katundu. Kuwagwiritsa ntchito ngati mneni kunabwera mochedwa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Nthawi imeneyo mayiko a ku Ulaya ankamenyana kwambiri panyanja, ndipo sitima ya adani ikagwidwa inkapita nayo kukhoti lapadera kuti ligamule ngati ogwirawo angaitenge kukhala yawo.

Abale ake m'Chingerezi ndi ambiri. Captive ndi wandende, captivity ndi ukapolo kapena undende ngati uja wa Ayuda ku Babulo, captivate ndi kukopa mtima wa munthu mpaka osayang'ananso kwina. Ngakhale catch ndi chase anachokera muzu womwewo, kungoti anayenda njira zosiyana za Chifalansa chakale n'kusintha kamvekedwe panjira.

Langizo langa ndi ili: musayambe ndi kufuna liwu limodzi la Chichewa. Yambani ndi kufunsa kuti chogwidwacho chikanapita kuti chikanapanda kugwidwa. Mngelezi sanena capture pa mwala umene wautola pansi. Amanena pa chinthu chimene chimathawa, kukana, kuuluka kapena kuzimirira, ndipo tsopano chili m'manja mwake, chamoyo ndithu.

Mbewe wa ku Machinga

Aphunzitsi, pa mawu akuti chamoyo mwalasa. Ife a kufupi ndi Liwonde mawuwa tinawamva kwambiri mu 2016 ndi 2017, pamene a bungwe losamalira nyama la African Parks ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ankasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota. Gulu logwira ntchitoyo ankalitcha capture team. Helikopita imakusa banja la njovu kuchoka m'nkhalango kupita pamtetete, dokotala wa nyama n'kuzilasa jakisoni wogonetsa ali m'mwamba momwemo. Njovu ikagwa, anthu apansi amathamangira kukapinda khutu lake kuti liphimbe diso, n'kuika kamtengo kunsonga ya chitamba kuti chisatsekeke, chifukwa chikatsekeka njovu imabanika. Kenako amaimanga miyendo ndi malamba, makina n'kuinyamula chadodolido kuiika pa lole. Amagwira banja lonse pamodzi, mayi ndi ana, osasiyako ndi imodzi yomwe.

Wopha njovu mozembera malamulo palibe amene amanena kuti wachita capture. Ameneyo wapha basi. Ntchito yonse ya gulu lija inali yakuti nyamayo ifike yamoyo, ikadzuke kwina, izikadya ndi kubereka kumene anthu afuna.

Chisomo_Form4

Inenso ndiwonjezereko za kusukulu. Mu geography muli river capture. Mtsinje umodzi wamphamvu umakokolola nthaka chobwerera kumtunda mpaka kuboola n'kukumana ndi mtsinje wina, ndiye madzi a winawo amatembenuka n'kuyamba kuyenda mu wamphamvuwo. Kumunsi kwa wolandidwawo kumatsala chigwa chouma kapena kamtsinje kakang'ono m'chigwa chachikulu. Akatswiri a miyala amati kalekale Zambezi wakumtunda ankapita kummwera, chaku Botswana, asanakokedwe kuti aziyenda chakum'mawa kukathira m'nyanja ya mchere ku Mozambique. Madziwo sanaphwe, akuyendabe, kungoti akupita kwina.

Za screen capture musavutike nazo amayi, tonse timangoti kujambula zimene zili pafoni, kapena sikirinishoti. Za kalembera ndi kujambula zala ndi kulowetsa mayina m'kompyuta.

Phiri wa Bawo

Nanga pa masewera? Mzungu akamasewera chess kapena draft amati wachita capture kambewu ka mnzake. Ife pa bawo timati kudya. "Ndakudyera." Ndipo pa bawo zimene wadya suziika pambali ayi, umazifesa m'maenje ako, n'kuyamba kukugwirira ntchito iweyo. Ndiye mayi Nabanda, pa nkhani za masewera nenani kudya, aliyense amva.

Koma ndifunse nawo aphunzitsi: captain nayenso ndi m'bale wa capture? Chifukwa kaputeni ndi amene amagwira sitima kapena timu.

Aphunzitsi Opuma

Ayi a Phiri, amenewo angofanana nkhope. Captain anachokera ku liwu lina la Chilatini, caput, lotanthauza mutu. Ndi banja la capital ndi chapter. Kapitawo wathu wa kumaesiteti a fodya ndi tiyi ndi wa banja limenelo, anabwera kudzera m'Chipwitikizi, capitão. Kaputeni ndi mutu wa gulu, zogwira palibepo.

Wachibale weniweni amene anthu samuganizira ndi caption, timawu tija ta m'munsi mwa chithunzi m'nyuzipepala. Poyamba ankatanthauza kugwira munthu mwalamulo, kenako mawu olembedwa pachikalata cha khoti ofotokoza kumene ndi nthawi imene zachitikira, kenako mutu wa nkhani, mpaka kufika pa zithunzi.

Mjomba wa ku Joni

Achemwali a Nabanda, za state capture ndisiyireni ine, chifukwa kuno ku Johannesburg mawu amenewa tawamva mpaka m'mateksi. Sanayambire kuno. Mu 1971 katswiri wa zachuma wa ku America, George Stigler, analemba kuti mabungwe a boma amene amaikidwa kuti aziyang'anira makampani nthawi zambiri amathera potumikira makampani omwewo. Maganizo amenewo ndi amene amatchedwa regulatory capture. Kenako mu 2000, mu kafukufuku wofalitsidwa ndi World Bank, akatswiri atatu, a Joel Hellman, Geraint Jones ndi Daniel Kaufmann, anagwiritsa ntchito mawu akuti state capture pofotokoza zimene zinkachitika m'mayiko amene anatuluka mu ulamuliro wa chikomyunizimu, kumene anthu ochepa olemera ankalipira kuti malamulo alembedwe mowakomera.

Kuno anatchuka chifukwa cha banja la a Gupta, abale atatu ochokera ku India, Ajay, Atul ndi Rajesh, ndi ubwenzi wawo ndi Jacob Zuma, amene anali pulezidenti wa South Africa nthawi imeneyo. Mu 2013 ndege yonyamula alendo a ukwati wa kubanja kwawo inatera pabwalo la ndege la asilikali la Waterkloof, malo amene munthu wamba saloledwa. Mu December 2015 nduna ya zachuma Nhlanhla Nene inachotsedwa mwadzidzidzi, n'kuikapo Des van Rooyen, amene anakhala pampandowo masiku anayi okha ndalama ya randi itagwa. Mu March 2016 wachiwiri kwa nduna ya zachuma, Mcebisi Jonas, ananena poyera kuti a Gupta anamulonjeza unduna umenewo, iye n'kukana. Tamverani bwino pamenepo achemwali: amalonda kulonjeza munthu unduna. A Gupta anakana nkhaniyo. Mu November 2016 lipoti la mayi Thuli Madonsela, amene anali Public Protector, mkulu wa ofesi yofufuza madandaulo a anthu pa zochita za boma, linatuluka ndi mutu wakuti State of Capture. Kenako kunabwera komishoni ya jaji Raymond Zondo, imene inayamba kumva umboni mu August 2018 n'kupereka gawo lomaliza la lipoti lake mu June 2022. Inapeza kuti makampani a boma ngati Eskom ya magetsi ndi Transnet ya njanji ndi madoko anaikidwa atsogoleri amene ankapereka makontirakiti kwa anthu osankhidwa kale. A Zuma amakana milandu imeneyi mpaka lero.

Chimene chimandipweteka ine n'chakuti nthawi yonseyo boma linalipo. Nyumba ya malamulo inkakumana, nduna zinkalumbira, mbendera inkakwezedwa m'mawa uliwonse. Anthu ankalipira msonkho ngati kale. Ndiye mukamamasulira, omvera amve kuti bomalo silinagwe, linkayenda, koma zoti achite zinkachokera kunyumba ya munthu amene palibe anamuvotera.

Jere_Mzimba

Ndiye n'zosavuta. Nenani kuti kulanda boma.

Nabanda wa ku Dedza

A Jere, amenewo ndi amene ndikuwaopa kwambiri. Ndikangonena pawailesi kuti ena alanda boma, agogo amva kuti asilikali atuluka ndi mfuti ndipo pulezidenti wathawa. Kulanda boma ndi mawu amene timanena kale pa coup, ngakhalenso m'makhoti pa mlandu woukira. Ndikhoza kuutsa mapiri pachigwa ndi chiganizo chimodzi. Katangale nayenso ndikuona kuti akuchepa. Katangale ndi ziphuphu zimachitika ngakhale pa rodibuloko, munthu kupereka kangachepe kuti adutse. Zimene afotokoza amjomba ndi zina: munthu sakulipira kuti aphwanye lamulo, akusankha amene alembe lamulolo ndi amene aliyang'anire.

Gogo Chalo

Mwana wanga, makolo anali nawo mawu a munthu amene akuyenda, akudya, akuseka, koma maganizo ake ali m'manja mwa wina. Ankati wadyetsedwa khuzumule. Mwamuna wake ndi yemweyo, ndevu ndi zomwezo, pabwalo amakhala pampando womwewo, koma ukamufunsa kanthu amayamba wayang'ana kukhomo. Ukanena kuti boma ladyetsedwa khuzumule ndi amalonda, palibe wa kumudzi amene angafunse kawiri.

Nasibeko wa ku Leeds

Agogo, fanizo lanu lamveka ndipo lafika penipeni, koma ine pa nkhani za pawailesi sindingalilole. Khuzumule amaseketsa, ndipo akatchulidwa mlandu umagwera mkazi, mwamuna n'kuoneka ngati wosalakwa amene anangodya osadziwa. M'nkhani za amjombazi akuluakulu a boma sanadyetsedwe kanthu m'tulo. Umboni wa ku komishoni unasonyeza anthu amene ankapita okha kumisonkhano, kusaina okha, kulandira okha. Mawu achingereziwo pawokha ali ndi vuto lomwelo, ndipo n'chifukwa chake ndimawakayikira. Capture imamveka ngati boma ndi njovu ya a Mbewe ija, yolasidwa kuchokera m'mwamba popanda chochita. Pamene zoona zake n'zakuti ena a m'katimo ndi amene anatsegula chitseko. Ngati tikumasulira, tisatengere ndi chilema chomwe.

Aphunzitsi Opuma

A Nasibeko anena chinthu chimene mabuku otanthauzira mawu sanena. Tanthauzo lakale lija, la nsomba mu ukonde, limaika mphamvu zonse kwa wogwira. Likafika pa boma limabisa theka la nkhani. Chichewa pano chili ndi mwayi, chifukwa sitikakamizidwa kupanikiza zonse m'mawu awiri. Tikhoza kutchula onse, ogula ndi ogulitsa.

Mayi Nabanda, pa zina zija ndingachite chonchi. Msilikali kapena wothawa akagwidwa, kugwira. Mzinda kunkhondo, kulanda, monga asilikali a Soviet Union analanda Berlin mu 1945. Nyama pamsampha, kukola. Chithunzi ndi mawu, kujambula. Carbon capture ndi kutchera mpweya woipa wa m'mafakitale usanakwere kumwamba n'kukausunga pansi pa nthaka. Mukamva kuti nyimbo kapena nkhani yachita capture mitima ya anthu, nenani kuti yawagwira mtima, Chichewa chathu chili nazo kale. Musaope kuti liwu limodzi la Chingerezi latuluka mawu asanu ndi limodzi kwa ife. Wodziwa kumasulira amaoneka pamenepo.

Nabanda wa ku Dedza

Zikomo nonse. Chiganizo chimene ndakonza ndi ichi, mundiunikire: "Lipotilo lati amalonda ena, mogwirizana ndi akuluakulu ena a boma, anafika pomalamula kuseri amene akhale nduna, amene atsogolere makampani a boma, ndi amene apatsidwe makontirakiti." Pamutu wa nkhani, pamene malo ndi ochepa, ndikuganiza zoti "boma m'manja mwa amalonda".

Mjomba wa ku Joni

Chiganizocho chili bwino achemwali, makamaka mawu akuti kuseri, musawachotse. Pamutupo pokha onjezani "ochepa". Mukangoti amalonda, mayi wogulitsa tomato pa Bembeke aganiza kuti mukunena iyeyo, pamene nkhani yonse ndi ya anthu oti mukhoza kuwawerenga ndi zala. Munenenso dziko lake koyambirira kwenikweni, kuti South Africa, chifukwa wina akatsegula wailesi pakati pa nkhani adzafalitsa kuti zachitika ku Lilongwe.