Jekete loyenera kuvala pokasaka ku Save Valley

Mnyamata wa ku Highfield, mumzinda wa Harare:
Akuluakulu, ndikupempha malangizo. Mu June ndidzaperekeza alenje a ziphaso ku Save Valley, malo osungirako nyama zakutchire kuno ku Zimbabwe. Chaka chatha ndinavala jekete la pulasitiki, koma thukuta linandinyowetsa kuposa mvula, ndipo minga inaling'amba pamkono tsiku loyamba lomwelo. Ndigule lotani?

Bambo wa ku Mufakose:
Mwana wanga, mu June mvula yamphamvu kulibe. Chimene chimavuta ndi mphepo yozizira ya m'bandakucha mukakhala kumbuyo kwa galimoto, komanso mvula yowaza imene anzathu kuno amaitcha guti, yofanana ndi chiperoni cha kwathu. Valani juzi mkati, ndipo pamwamba pakhale jekete la nsalu yolimba yosachita phokoso, chifukwa nyama imamva kukhwekhwereza kwa nayiloni mlenje akadali patali. La nsalu yosalowa madzi yotchedwa Gore-Tex limatulutsa thukuta, koma lizikhala m'chikwama mpaka kutagwa mvula.

Mayi wa ku Mbare:
Achimwene, musagule la mawanga a chisilikali, pakuti malamulo a Zimbabwe salola anthu wamba kulivala. Sankhani lobiriwira kapena la khaki. Mukalipeza pa kaunjika ku msika wa Mupedzanhamo, litembenuzeni kaye muone ngati misoko yake idakali yomata.