Ndapeza chifukwa chake mizu ya tomato wanga inatupa

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chake tomato amene anandiuza kuti sagwidwa ndi nyongolotsi za m'mizu anatupa mizu ngati wina aliyense. Zikomo inu amene munandiuza kuti ndiyeze kutentha kwa nthaka, nkhani inagona pamenepo.

Mphamvu ya tomato wotere imachokera mu jini imodzi ya mu DNA yake, yotchedwa Mi-1. Akatswiri anaitenga ku tomato wakutchire wa ku South America, Solanum peruvianum, m'zaka za m'ma 1940. Kanyongolotsi kakalowa mumuzu, jiniyi imachititsa kuti maselo ozungulira pomwe kaboolapo afe msanga, ndiye kamasowa podyera. Koma nthaka ikatentha kupitirira madigiri 28, chitetezochi chimafooka. Nditayeza, yanga masana imapitirira pamenepo, ndipo zinandipweteka mtima chifukwa ndinali nditaimba kale mlandu mbewu.

China, Mi-1 imaletsa mitundu ya nyongolotsizi yotchedwa Meloidogyne incognita, javanica ndi arenaria, koma mtundu wa hapla siiuletsa. Ndatumiza dothi kuti akaone mtundu umene ndili nawo. Pakadali pano ndaphimbira nthaka kuti izizizira, ndipo mizu ya mbande zatsopano ikuoneka yosalala.