Thandizeni: Jason Kelce ndimufotokoze bwanji pa wailesi poti alibe chigoli?

Wokonza pulogalamu, Lilongwe:
Akuluakulu, ndili ndi mphindi 8 Loweruka lino m'pulogalamu ya masewera. Omvera achinyamata amene amaonera mpira wa ku America pa foni akhala akupempha kuti titsate wosewera mmodzi kuyambira kusukulu mpaka ku NFL, ligi yaikulu ya mpirawu. Ndasankha Jason Kelce wa Philadelphia Eagles. Munthuyu anasewera zaka 13 koma palibe chigoli chake choti nditchule. Ndalemba kuti anali "wotchinga kumbuyo" ndiponso kuti Eagles inamutenga atangomaliza sekondale. Mtima ukukana, penapake sipali bwino. Ndiwongolereni ndisanakajambule.

Mtolankhani, Blantyre:
Achimwene, zonse ziwirizo fufutani. Mukati wotchinga kumbuyo, womvera wa ku Ndirande aona difenda amene akulanda mpira. Kelce amalowa m'bwalo pamene timu yake ndiyo ili ndi mpira. Anali m'gulu la anthu 5 amene amaima kutsogolo: ma tackle awiri m'mphepete, ma guard awiri mkati, ndi center pakati penipeni. Iye anali center. Ndiye woyamba kugwira mpira, amaupereka pakati pa miyendo yake kwa quarterback, woponya mpira amene amaima kumbuyo kwake, ndipo asanatero amayang'ana mmene adani aimira n'kuuza anzake kuti uyu atenge uyu.

Za sekondalezo n'zosatheka. Lamulo la NFL limafuna kuti padutse zaka 3 munthu atamaliza sekondale asanalowe mu draft, pamene matimu amasankha osewera atsopano. Kumeneko kulibe zoti timu yaikulu ikulere kuyambira uli mwana ngati ku Ulaya. Njira yake ndi ya ku yunivesite.

Mnzathu wa ku South Bend:
Ndiwonjezerepo, chifukwa kuno ku America Lachisanu madzulo mabwalo a sekondale amadzaza ndipo ndapitako kangapo. Mnyamata wathupi amene akusewera bwino amayamba kulondoledwa ndi makochi a ma yunivesite asanamalize n'komwe, ndipo amalonjezedwa maphunziro aulere. Kelce zimenezi sizinamuchitikire. Ku Cleveland Heights, m'chigawo cha Ohio, sanali m'mzere wa kutsogolo ayi. Ankasewera linebacker, ku mbali yotchinga, komanso ankathamanga ndi mpira. Anapita ku University of Cincinnati mu 2006 ngati walk-on, kutanthauza amene walowa m'timu popanda maphunziro aulere, fizi akudzionera yekha. Chaka choyamba anangochita masewero okonzekera, osalowa m'mpikisano. Atabwera kochi Brian Kelly, uyu amene anadzakhala kuno ku yunivesite ya Notre Dame, anamusamutsira kutsogolo. Anasewera guard, ndipo chaka chomaliza, 2010, anakhala center.

Kwa ine nkhani yanu yagona pamenepo, achimwene. Mnyamata wozolowera kugwetsa anthu akuuzidwa kuti anenepe, aiwale zonse, aphunzire kutchinjiriza mnzake.

Wokonza pulogalamu, Lilongwe:
Zikomo, apa maso atseguka. Nanga ndikangoti anthu asanuwa ndi "khoma"? Ndi liwu lalifupi, limveka msanga.

Mayi mkonzi, Zomba:
Ayi mwanawe, khoma silikwanira. Khoma limangoima. N'zoona kuti quarterback akafuna kuponya mpira iwo amabwerera m'mbuyo pang'ono n'kumutchinjiriza. Koma mpira akaupereka kwa wothamanga, ndi iwo amene amapita kutsogolo kukakankha anthu kuti pakhale mpata. Kelce anatchuka ndi chimenechi: amachoka pakati paja n'kuthamangira kumbali, kukatsogolera wonyamula mpira. Ine ndikanati "olambula njira". Aliyense amene anatsegulapo munda watsopano akudziwa kuti wolambula satamandidwa pokolola. Liwu loti center linene kamodzi, pambuyo pake uziti "wapakati".

Ndipo usayambe ndi tsiku lobadwa. Yamba ndi nambala 191.

Mtolankhani, Blantyre:
Mayi anena zoona. Draft ili ndi magawo 7, matimu 32 akusankha motsatizana, yochita moipa chaka chatha ndiyo imayamba. Mu 2011 Kelce anatengedwa m'gawo la 6, ndipo anali wa nambala 191. Anthu 190 anatchulidwa iye akudikirabe. Chifukwa chake fotokozani, musachidumphe: pa mayeso a Combine ku Indianapolis, kumene amayeza kutalika, kulemera, liwiro ndi mphamvu, iye ankalemera pafupifupi makilogalamu 127, pamene anzake ambiri a m'mzerewu amapitirira 136. Matimu ankamuona wochepa thupi. Koma pa mtunda wa mayadi 40 anathamanga masekondi 4.89, kuposa anzake onse a m'mzere wa kutsogolo chaka chimenecho. Liwiro lomweli ndi limene Mayi akunena. Chaka choyamba chomwecho anatenga malo a center mu timu yoyamba. Mu 2012 anavulala bondo koyambirira kwa chaka, n'kukhala panja mpaka kumapeto.

Wolengeza masewera, Mzuzu:
Pepani, ine ndikuona mwina. Omvera athu amafuna zikho. Nenani kuti anapambana Super Bowl, ndime yomaliza ya chikho cha NFL, mu February 2018, Eagles itagonjetsa New England Patriots 41 kwa 33, ndipo mu 2023 anakumana ndi mng'ono wake Travis wa Kansas City Chiefs pa ndime yomweyo, Chiefs n'kupambana 38 kwa 35. Abale awiri kulimbirana chikho chimodzi, mafoni alira okha. Za makilogalamuzi anthu atseka wailesi.

Mayi mkonzi, Zomba:
Za abalezo zilowe, koma mphindi imodzi basi, kumapeto. Ukazitsogoza, pulogalamu isanduka ya Travis, chifukwa iye ndi amene amagwira mipira ndi kugoletsa, ndipo funso la mnzathuyu likhala losayankhidwa. Munthu wa m'mzerewu amayezedwa ndi zimene sizinachitike: quarterback sanagwetsedwe, woweruza sanaponye kansalu ka chilango, Lamlungu lililonse anali pamalo pake. Ngati ukufuna chitsanzo china, tenga Joe Thomas wa Cleveland Browns. Kuyambira 2007 mpaka 2017 sanatuluke m'bwalo ngakhale kamodzi timu yake ili ndi mpira, maulendo 10,363 motsatizana, komabe sanasewerepo ndime ya chipulula. Anzake anamulemekeza ndithu, ndipo mu 2023 analowa mu Hall of Fame, mndandanda waulemu wa akatswiri opuma. Kwa Kelce nena kuti anasankhidwa ka 6 kukhala center woposa onse mu ligi, n'kupuma mu March 2024 asanasinthepo timu.

Wolengeza masewera, Mzuzu:
Chabwino Mayi, ndavomera. Koma makilogalamu achepe, atchulidwe kamodzi kokha.

Wokonza pulogalamu, Lilongwe:
Ndagwirizana nazo. Ndiyamba chonchi: "Mu 2011 matimu a NFL anatchula mayina 190 asanafike pa mnyamata uyu. Ankati ndi wochepa thupi. Ntchito yake inali kulambulira ena njira." Kuchoka apo ndibwerera ku Cleveland Heights, Cincinnati itenga mphindi 3, abale awiri atseka. Joe Thomas ndimusunga, akhale wa sabata yamawa. Achimwene a ku South Bend, mungandijambulire mawu a masekondi 30 pa WhatsApp, mmene bwalo la sekondale limakhalira Lachisanu madzulo? Ndijambula Lachinayi 2 koloko masana.

Mnzathu wa ku South Bend:
Ndikaweruka usiku uno nditumiza. Kwanuko kudzakhala kukucha.