Mustang GT kapena BMW M4: bwana akufuna ndimusankhire, koma wokonza ndidzakhala ine

Chikondi, Biwi, Lilongwe

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kasitomala wanga wakale, amene ndimamukonzera Ranger ndi Fortuner, akufuna galimoto ya kumtima kwake yoti aziyendera Loweruka ndi Lamlungu. Wapeza ziwiri ku Joni: Ford Mustang GT 5.0 ya 2017 ya otomatiki, ndi BMW M4 ya 2016 ya giyabokosi ya DCT (otomatiki ya makilatchi awiri). Mitengo sikusiyana kwenikweni. Wandilipirira ulendo kuti ndikaziwone sabata yamawa, ndipo wanena mosabisa kuti imene ndisankheyo ndidzayikonza ndine. Apa ndi pamene tulo tandithawira, chifukwa sindinatsegulepo injini ya iliyonse mwa ziwirizi.

Poyamba ankafuna Dodge Challenger. Ndinamuletsa, popeza fakitale sinatulutsepo ya chiwongolero cha kumanja, ndipo kudutsa thiraki pa M1 uli kumanzere ndi kuika moyo pachiswe. Koma Mustang inayamba kubwera ndi chiwongolero cha kumanja mu 2015. Ndikayang'ane chiyani, nanga ndimuuze itiyo?

Madala Gondwe, Germiston

Mwana wanga, yamba wamufunsa bwanayo kuti mtima wake umagunda ndi chiyani. Alipo okonda kulira kwa V8 ndi kukankhidwa pamsana pa msewu wowongoka, alipo okonda galimoto yomata pa makona. Amenewa ndi anthu awiri osiyana.

China, mukakaziyesa kuno musanyengeke. Joni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ngwopepuka. Injini ya V8 ya mu Mustang, yotchedwa Coyote, ilibe turbo, imangopuma yokha, ndiye imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 aliwonse. Pa pepala ili ndi 306 kW, koma kuno imakhala ngati ya 255. Injini ya mu M4, yotchedwa S55, ili ndi ma turbo awiri, ndipo 317 kW yake imatsala pafupifupi yonse. Choncho kuno M4 idzaoneka ngati yaisiya kutali inzake. Ku Lilongwe, pa mamita cha m'ma 1,050, kusiyanako kumachepako.

Yamikani, Randburg

Madala anena zoona za mpweya, koma ngakhale kunyanja M4 imapambanabe. Njopepuka ndi makilogalamu oposa 100, denga lake ndi la carbon, ndipo mphamvu yake yokoka ya 550 Nm imafika injini isanafike n'komwe pa 2,000 rpm. Ine ndimakonza BMW tsiku ndi tsiku, ndipo anthu amaiwopa kuposa mmene iyenera kuwopedwera.

Achimwene, mukafika pa M4 yambani ndi funso limodzi: inaikidwapo tchuni, kutanthauza pulogalamu yowonjezera mphamvu? S55 ili ndi crank hub, chitsulo cha kutsogolo kwa crankshaft choyendetsa tcheni cha taimingi, yogwidwa ndi bawuti imodzi yapakati, yopanda kiyi. Ikaterereka taimingi imasokonekera, ndipo zikavuta ma valve amakumana ndi ma piston. Zimachitika kwambiri pa zimene anazionjezera mphamvu. Lowani pansi muone ngati ma downpipe, mapaipi a utsi ochoka ku ma turbo, ali a fakitale. Kenako onani katanki kakang'ono ka madzi a charge cooler, choziziritsa mpweya wochoka ku ma turbo, chifukwa galimotoyi ili ndi njira ziwiri za madzi. Madziwo akamatsika popanda kudontha kunja, ndiye kuti akulowa mu injini kudzera mu charge cooler yomwe ili pamwamba paja. Imeneyo musaigule pokhapokha atsitse mtengo kwambiri.

Za masipeya, BMW imapambana. Kuno a M4 amapezeka tsiku lomwelo, atsopano ndi akale omwe, ndipo mumangowakweza basi. Zina za Mustang, makamaka za bodi, mumadikira zichoke ku America.

Tadala, Ginnery Corner, Blantyre

AYamikani, inu mukulankhula muli pa misewu ya ku Randburg. Ine ndinalandirapo M4 itakwezedwa pa lole. Mwini wake anakwera hampu mothamanga, ndipo oil cooler ya injini imeneyi imagona chafufumimba pansi pa bampala yakutsogolo. Inabooka, oyilo yense anathera pa tara. Mwamwayi anazimitsa msanga. Ngati a Chikondi asankha M4, chinthu choyamba kugula ndi chitsulo chotchingira cooler imeneyo, galimoto isanawoloke n'komwe pa Mwanza.

Onaninso matayala. M4 ya malimu a 19 imavala 255/35 kutsogolo ndi 275/35 kumbuyo. Mustang GT imavala 255/40 ndi 275/40. Zikuoneka zazing'ono, koma m'mbali mwa tayala mukusiyana ndi mamilimita oposa 12, ndipo pa dzenje la nthawi ya dzinja mamilimita amenewo ndi amene amapulumutsa limu. Zonse ziwiri nthawi zambiri zimabwera zopanda tayala la sipeya, koma kapampu ndi mankhwala omatira basi. Uzani bwanayo zimenezi asanapite nayo ku Mangochi.

Koma funso langa lenileni ndi ili: mu galaja mwanu muli ndi kompyuta yanji?

Chikondi, Biwi, Lilongwe

Achemwali, ndili ndi laputopu ya FORScan, pulogalamu yowerenga makompyuta a galimoto za Ford, imene ndimagwiritsa pa ma Ranger, ndi sikana wamba wa OBD. ISTA, pulogalamu ya BMW, ndilibe. Bwana ndamufunsa monga anenera Madala. Akuti anamva V8 ikulira pa ukwati wina ku Joni ndipo phokosolo silinamuchoke m'makutu. Maulendo ake ndi a ku Salima ndi ku Dedza, mabwalo a mpikisano alibe nawo ntchito.

Madala Gondwe, Germiston

Ndiye nkhani yayamba kuoneka mutu wake. Tamvera bwino apa. Mustang ya otomatiki ya 2015 mpaka 2017 ili ndi giyabokosi ya 6R80. Ndi mtundu womwewo uli mu Ranger 3.2 imene umakonza sabata iliyonse, oyilo wake ndi Mercon LV yemweyo. Zina zam'kati ndi pulogalamu zimasiyana, koma manja ako akuidziwa kale. FORScan yakoyo idzawerenga ma module onse a galimotoyo. Coyote ya chaka chimenecho imapopera petulo kumbuyo kwa ma valve, ndiye ma valve amatsukika okha. S55 imapopera molunjika mu silinda, mwaye umaunjikana pa ma intake valve, ndipo pakapita nthawi umafuna makina owuchotsera. Mustang ili ndi dipisitiki, umasolola n'kuona oyilo ndi maso ako, malita pafupifupi 7.6. M4 dipisitiki ilibe, umafunsa sikirini. Ngakhale batire ya BMW ukasintha, uyenera kuilembetsa pa kompyuta.

Sindikuti Mustang ilibe nthenda. Pa za chiwongolero cha kumanja za zaka zimenezi, oil cooler imadziwika kuti imatha kusakaniza oyilo ndi madzi. Tsegula chivindikiro cha tanki ya madzi injini ili yozizira. Ukaona zonga phala la chikasu, tseka, bwerera. Yatsanso eyakoni kwa mphindi khumi, chifukwa evaporator ikadontha ntchito yake ndi yochotsa dashibodi yonse. Ndipo yang'ana matayala akumbuyo ndi dayifu: eni ake ena amakonda kuzunguza galimotozi mpaka utsi.

Yamikani, Randburg

Madala, pa za giyabokosi ndagonja, imeneyo ndi mfundo yolemera. DCT popanda ISTA sungaichite adaptation (kuitchera pa kompyuta) bwinobwino, ndipo sindingafune mnzanga aphunzirire pa galimoto ya kasitomala wamkulu. Komabe ndinene chimodzi. Munthu wozolowera Fortuner akakwera galimoto yokoka ndi kumbuyo ya mphamvu chonchi, mvula itangogwa kumene, kumbuyo kumathawa asanaphethire. Izi n'zoona pa zonse ziwiri. Achimwene, mukamupatsa makiyi mumuonetse batani la traction control ndipo mumuuze kuti asalikhudze. Mustang ili ndi mode ya msewu wonyowa, aziigwiritsa ntchito.

Tadala, Ginnery Corner, Blantyre

Ndionjezere za petulo. Wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo zonse ziwiri zimamwa bwinobwino akakhala wapampu. Vuto limabwera mafuta akasowa, anthu n'kuyamba kugula a m'zigubu. Injini ya turbo yokhala ndi pampu za high pressure sikhululuka madzi kapena zinyalala. V8 imapirirako, koma imamwanso kwambiri. Bwanayo asunge petulo wake wodalirika kapena galimoto izikhala m'galaja masiku amenewo.

Chikondi, Biwi, Lilongwe

Akuluakulu, ndabwerako dzulo usiku. M4 inali yokongola, ndipo nditaiyendetsa ndinamvetsa chimene aYamikani amaikondera: ukangoganiza zokhota, yakhota kale. Koma titaikweza ndinapeza ma downpipe si a fakitale, pomwe wogulitsa amati sinakhudzidwepo. Katanki ka charge cooler kanali pansi pa mzere, ndipo zolakwa zonse mu kompyuta zinali zitangofufutidwa kumene. Ndinathokoza n'kutuluka.

Mustang madzi ake anali oyera, oyilo pa dipisitiki ali bwino, eyakoni ikuzizira, buku la sevisi lodzaza. FORScan inangoonetsa sensa imodzi ya mpweya wa tayala. Matayala akumbuyo atsala pang'ono kutha, ndiye tinachotsetsa mtengo wake. Bwana walipira. Ndagulirako mafyuluta a oyilo anayi, ma pad akutsogolo, lamba wa injini ndi ma plug asanu ndi atatu. Ibwera pa thiraki, sindinafune kuti maenje a pa Tete akhale oyamba kuilonjera.

Madala, mundiuze kumene ndingapeze oil cooler yabwino kuti ikhale pa shelefu. AYamikani, nambala yanu ndampatsa mnzake wa bwanayu, iye akufuna BMW M2 ndipo ndamuuza kuti asagule musanaione inu.

Madala Gondwe, Germiston

Cooler ndikutumizira ndi basi ya Lachisanu, pamodzi ndi ma gasket ake. Ikafika galimotoyo usinthe oyilo wa dayifu usanampatse makiyi, buku linene zimene linganene.