Laputopu yanga ikuchedwa kuyaka: kodi ndiitaye kapena ingakonzeke?

Mphunzitsi wa ku Ulongue:
Moni nonse. Ndili ndi laputopu imene ndinagula kwa munthu m'chaka cha 2016, ndipo ndi imene ndimalembera mayeso a ana asukulu. Masiku ano ndikaiyatsa m'mawa, ndimatha kutereka madzi pamoto, kupanga tiyi mpaka kumwa, iyo isanalole kuti nditsegule kalata ngakhale imodzi. Ili ndi Windows 10 ndi RAM ya 4GB. Ndalama zogulira ina ndilibe, choncho ndikupempha nzeru kwa amene mumazidziwa zinthuzi.

Wokonza makompyuta wa ku Moatize:
Aphunzitsi, musafulumire kuitaya, ndipo musagule kanthu musanaone pamene pali vuto. Ikayaka, dinani Ctrl, Shift ndi Esc nthawi imodzi kuti mutsegule Gestor de Tarefas, pulogalamu yoonetsa zimene kompyuta ikuchita (ndilo dzina lake ngati Windows yanu ndi ya Chipwitikizi). Pa Arranque mupeza mapulogalamu amene amadziyatsa okha kompyuta ikamayaka. Zimitsani osafunika, koma woteteza ku mavairasi musamukhudze. Kenako yang'anani pa Disco, pamene pamaonetsa mmene hard disk, chosungira mafayilo, yatanganidwira. Ngati pakhala pa 100% kwa nthawi yaitali inu musanatsegule chilichonse, ndiye kuti hard disk yanu ndi imene ikubwezera zonse m'mbuyo, pakuti mkati mwake muli mbale yozungulira ndi kasingano koyenda uku ndi uku kufunafuna mafayilo. Zikatero isintheni ndi SSD, chosungira mafayilo cha mtundu watsopano. SSD ilibe chozungulira, ndipo ya mtundu wa SATA imalowa pamalo pomwe panali yakaleyo. Pa makina onse akale amene adutsa m'manja mwanga, palibe chimene chinawatsitsimutsa kuposa chimenechi.

Musaiwalenso fumbi. Kuno ndikatsegula laputopu ndimapeza fani itamatidwa ndi fumbi lakuda la malasha, lolimba ngati bulangete, ndipo purosesa, ubongo wa kompyuta, ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Kwanu ku Angónia n'kozizirirapo kusiyana ndi kuno, komabe musamaiike pabedi kapena pamphasa, chifukwa mumatseka timabowo topumira.

Mayi wa ku Furancungo:
Abambo a ku Moatize anena zoona, koma ine ndikuti musanamasule sikuluwu iliyonse, koperani mayeso anu onse pa fulashi, chifukwa disiki yokalamba imafa osatsazika. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina a zaka zimenezo nthawi zambiri saloledwa kulandira Windows 11. Yanga ndinaikamo Linux Mint m'malo mwa Windows, imene ndi yaulere, ndipo ndimalemba makalata anga ndi LibreOffice. Sabata yoyamba inandizunguza mutu, kenako ndinazolowera.

Mphunzitsi wa ku Ulongue:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndazimitsa mapulogalamu 7 pa Arranque ndipo yafulumirako pang'ono, koma Disco idakali pa 100%. Mayeso ndakopera kale pa fulashi. Abambo a ku Moatize, kodi SSD ya 256GB ingandikwanire, popeza ndimasunga zolemba zokhazokha ndi zithunzi zochepa?