Kiyibodi sikuyankha kompyuta ikamayaka, ndithandizeni

Abale anga a m'gulu muno, ndigawireni nzeru. Ndili ndi kashopu kotaipira makalata pa Kamwendo, kuno ku Mchinji. Kuyambira Lolemba, kompyuta yanga ya desktop ikangoyaka ikumaima pa sikirini yakuda, n'kulemba kuti tsiku ndi nthawi zasokonekera, ndidine F1. Koma kiyibodi ili zii, ngakhale kagetsi ka Num Lock sikakuyaka. Ndi ya waya, ya USB, ndipo nditakaiyesa pa laputopu ya mnzanga wa pa saluni yagwira bwinobwino. Anthu akubwera ndi ma CV awo, ine n'kumangowabweza. Kuinyamula mpaka ku Lilongwe ndalama ya basi ndilibe. Chafa n'chiyani?

Mayi wa ku Kasungu boma: Achimwene, mwailumikiza kutsogolo kapena kumbuyo kwa bokosi? Zulani pulinta, fulashi ndi china chilichonse, musiye kiyibodi yokha. Muilowetse kumbuyo, pa doko lakuda mkati, osati la buluu. Akuda aja ndi USB 2.0, ndipo makompyuta akale amayamba kuzindikira amenewo asanafike pa Windows.

Wokonza makompyuta, Santhe: Mayi anena zoona, koma gwero la vuto ndi lina. Uthenga wa nthawiwo ukusonyeza kuti kabatire ka pa motherboard (bolodi lalikulu la mkati mwa bokosi) katha mphamvu. Ndi kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kolembedwa CR2032, ka mavoti 3. Ndi kamene kamasunga nthawi ndi ma setting a BIOS (pulogalamu imene imadzutsa makina Windows isanatseguke) kompyuta ikazima. Kakafooka, magetsi akangothima zonse zimaiwalika, ndiye makina amafuna F1. Mukalowa mu BIOS muyang'ane USB Legacy Support, ikhale Enabled, ndipo Fast Boot muithimitse chifukwa imadumpha kudzutsa ma USB poyaka. Batani lolowera mu BIOS poyatsa limasiyana: Dell ndi F2, HP ndi F10, ena ndi Delete.

Mnyamata wina wa ku Mkanda: Ingoikaninso Windows bwana, zithera pomwepo.

Wokonza makompyuta, Santhe: Ayi, musatero chonde. Makinawo akuima asanaifike n'komwe Windows, ndiye mungotaya mafayilo a makasitomala pachabe. Ngati madoko onse akana, onani kumbuyoko ngati pali kabowo kozungulira kofiirira ngati biringanya. Ndi PS/2. Bwerekani kiyibodi yakale ya mutu wozungulira, koma muilowetse kompyuta ili yozima, chifukwa PS/2 siizindikirika mukailowetsa makina akuyaka kale.

Wofunsa: Zikomo nonse, mwandichotsa nkhawa. Kiyibodi ndinkaidutsitsa pa ka hub kamene ndimalowetsapo mafulashi a makasitomala. Ndaisamutsira kumbuyo pa doko lakuda, kagetsi kayaka, F1 yagwira, Windows yatseguka. Nthawi ikuonetsa chaka cholakwika ndithu. Tsopano kabatireko ndingakapeze kuti kuno? Ndipo potsegula bokosi ndikuopa kuononga zina.

Mayi wa ku Kasungu boma: Funsani kwa okonza mawotchi kapena ogulitsa zipangizo za mafoni pa boma, ndi kamodzimodzi ka m'marimoti ambiri a galimoto. Zulani chingwe cha magetsi kukhoma kaye, mudine batani loyatsira kwa masekondi angapo, kenako mugwire chitsulo cha bokosi musanakhudze za mkati. Mbali yolembedwa + iyang'ane kunja, monga mukapezere kakaleko.